Kuseri kwa Tsamba la Sale

1

Dzina langa ndine Aikande, ndipo kwathu kuno amanditcha mkazi wouma mtima. Ndikafika pamsika azimayi ena amatsitsa mawu, ena amasuzumira m'madengu mwawo ngati mwalowa chachilendo. Asiyeni. Aliyense wanenapo yake pa nkhani yangayi, ngakhale amene kunalibeko. Lero ndinenapo ine mwiniwake, ndipo sindikometsa.

Mudzi wathu uli kumtunda kwa tauni ya Moshi, m'minda ya nthochi ndi khofi. Madzi athu onse amachokera mumtsinje wa Kiwalei, umene umatuluka pa kasupe wa m'nkhalango ya mudzi, n'kugwa pa mathithi, kenako n'kugawikana m'ngalande zopita m'minda. Zaka zapitazo mtsinjewu unayamba kufa tikuona. Anthu ankadula mitengo m'mbali mwake, majumbo ndi mabotolo zili mbwee. Ndiye tinakhazikitsa gulu, n'kulitcha Alonda a Kiwalei. Panalibe wotilipira. Loweruka lililonse tinkatola zinyalala, kubzala mbande, ndi kukonza masitepe a kanjira kopita ku mathithi, kumene alendo amabwera kudzajambulitsa.

Wapampando anali mwamuna wanga, Rumisha, bambo ake a mwana wathu Haika. Munthu ameneyo pakamwa Mulungu anamupatsa. Akaimirira n'kuyamba kulankhula za mtengo wodulidwa, unkamva chisoni ngati wamwalira ndi m'bale wako. Anthu ankandiuza kuti, "Aikande, iwe unatola," ine n'kumangomwetulira ngati chitsiru. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Loweruka lina, mvula itangotha, tinakwera pamwamba pa mathithi, pamene kanjira kamapatukira ku kasupe. Tinapeza masamba a sale atamangidwa mfundo pa ndodo, mbali zonse za njira. Kwathu sale si chitsamba wamba. Timamubzala m'malire a minda ndi pamanda, ndipo ukapeza tsamba lake lomangidwa mfundo panjira, umabwerera. Sufunsa ndipo sudutsa. Ngakhale chidakwa chimaliona.

"Wamanga ndani?" anafunsa mayi Mkunde, mayi wamasiye amene pagulu lathu anali wapakamwa kuposa tonse.

"Ndine," anatero Rumisha. "Kumtundaku nthaka yagumuka ndi mvula ija. Tiisiye nkhalango ipume, ichire yokha. Munthu asapondeko mpaka ndidzamasule."

Tinaomba m'manja. Ine ndinaomba kuposa wina aliyense.

2

Chilimwe chitafika, madzi anayamba kuchepa. Chaka chilichonse amachepa, koma ulendo uno zinanyanya. Ngalande za kumunsi zinauma gwa, khofi wa anthu n'kuyamba kufota, azimayi n'kumakanganirana chidebe chimodzi. Ife a gulu tinasanduka choseketsa.

"Alonda a mchenga, mwadzuka bwanji?" ankatero anyamata a njinga zamoto tikamadutsa ndi mbande zathu.

Rumisha anaitanitsa msonkhano pabwalo la tchalitchi. Anavala shati yake yoyera, imene ndinasita ine.

"Abale anga, ndayenda nawo mtsinjewu," anatero. "Vuto ndalipeza, koma likundiwawa kulinena." Anapukuta kumaso ndi kampango. "Munda woyamba kumunsi kwa mathithi, nthochi zake zafika m'madzi mwenimweni. Zikumwa osapuma. Ngalande yakenso ndi yakale, ikungotaya madzi."

Anthu onse anatembenukira kwa bambo anga.

Bambo anga, a Eliakunda, ankakhala okha m'munda umenewo. Amayi anamwalira kale, ndipo mng'ono wanga Ndeshi, mzime wathu, anali atapita ku Arusha kukagwira ntchito yoluka anthu tsitsi. Ntchitoyo anamupezera ndi Rumisha yemweyo, ndipo ine ndinamuthokoza ndi nkhuku.

Ndinaimirira. "Nthochi zimenezo zakhala pamenepo ine ndisanabadwe, madzi sanaphwepo. Zayamba ludzu chaka chino?"

"Amayi a Haika, khalani pansi," anatero mwamuna wanga mofatsa. "Lamulo la m'mbali mwa mtsinje silidziwa mpongozi. Ndikawasiya apongozi anga lero, mawa wina ndidzamuuza chiyani?"

"Ameneyo ndiye mtsogoleri!" wina anafuula kumbuyo.

Anagwirizana kuti Loweruka likudzalo gulu lidzagwetse nthochi zonse za m'mbali mwa madzi. Panalibe amene sankadziwa kuti pakati pa nthochi zimenezo pali manda a amayi anga. Anawafunsa bambo ngati ali ndi mawu. Ndinadikira kuti abangule, pakuti bambo anga ndi munthu amene anathamangitsapo wogula khofi ndi ndodo chifukwa cha sikelo yabodza. Koma iwo anangotembenuza chipewa m'manja.

"Chitani zimene mwagwirizana," anatero.

3

Ndinawatsatira kwawo. Ndinawapeza atakhala pafupi ndi manda, mumthunzi wa nthochi zimene amayi anabzala okha.

"Bambo, mwadwala? Anthu akukusandutsani mbava ya madzi, inu zii?"

"Zipita kwanu, mwana wanga."

"Kwathu ndi kuno! Mawa mwana akamadutsa azidzati, uyo ndi mkulu uja anaumitsa Kiwalei. Dzina lanu mwalitaya ngati makoko. Nanga amayi? Agone padzuwa?"

Anayang'ana pansi. "Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu," anatero.

"Mwana wake uti? Ine ndadya chiyani?"

Ndinachoka ndili ndi mkwiyo, ndipo ndivomereze kuti tsiku limenelo ndinawakwiyira bambo anga kuposa mwamuna wanga. Ndinkaganiza kuti ukalamba wawadya mtima.

Kunyumba ndinamuikira Rumisha nthochi zophika ndi nyama, n'kukhala patsogolo pake.

"Bambo a Haika, m'mudzi monsemu mwasowa poyambira, mpaka mukayambire pamanda a amayi anga?"

"Manda sitikhudza. Tikudula nthochi."

"Mwapita kukaona ku kasupe? Mwina nthaka inagumuka ija yatseka madzi."

Anasiya kutafuna. "Ndinapitako. Kulibe chilichonse."

"Tiyeni tipite tonse a gulu, tikaone ndi maso ambiri."

"Iwe, ukufuna ndimasule sale amene ndinamanga ndekha, anthu aziti wapampando ndi wamasewera?" Anakankha mbale. "Ukuganiza kuti ine sizikundipweteka? Apongozi anga amenewa. Koma ukakhala patsogolo, zowawa umayamba kumeza ndiwe."

Anatsuka m'manja, n'kunyamula chikwanje, nati akukayendera mbande kumtunda. Masiku amenewo ankayendera mbande pafupipafupi, ndipo ankabwerako atatopa. Ine ndinkamutenthetsera madzi osamba.

4

Loweruka lija ndinakanitsitsa kugwira chikwanje. Ndinawauza kuti dzanja langa lingayambe lauma.

"Musiyeni," anatero Rumisha pamaso pa anthu, ngati munthu wachifundo. "Akatole zinyalala ku mathithi. Mayi Mkunde, mupite naye."

Gulu linakhotera kumunda kwa bambo, ife awiri tinakwera ndi matumba athu. Mayi Mkunde sanasiye kudandaula njira yonse.

"Ine ndinalowa gulu kudzabzala, osati kudzadula za agogo a anthu. Koma ndine ndani? Mwamuna wako akalankhula, ngakhale mbuzi zimavomera."

Pa dziwe la pansi pa mathithi madzi ankagwa ochepa, ngati akutsanulidwa m'ketulo. Ndinavula nsapato n'kulowa kuti nditole botolo. Pamenepo ndinaona thovu loyera litaunjikana pakati pa miyala. Ndinatapa ndi chala n'kununkhiza. Anali sopo.

"Mayi, tabwerani."

Iwo anali atapeza chawo. Ndi ndodo anavuula kansalu koyera kamene kanakodwa pa muzu, n'kukatambasula.

"Ili ndi thewera," anatero. "Aikande, anyani a masiku ano ayamba kuchapa matewera?"

Sindinaseke. Dziwe limenelo lili kumtunda kwa munda wa bambo, kumtunda kwa nyumba iliyonse ya m'mudzi. Pamwamba pake pali nkhalango yokhayokha. Ndinatuluka m'madzi n'kuyamba kukwera masitepe amene tinakumba tokha, mayi Mkunde akuwefuka pambuyo.

Tinafika pa masamba a sale. Anali obiriwira, atsopano. Wina ankawasintha.

"Mwana iwe, usayerekeze," anatero mayi Mkunde, atandigwira chitenje. "Pakamwa panga palibe chimene ndimaopa, koma icho ayi. Msuweni wanga anadumpha mfundo, mwendo unatupa mpaka kumanda."

Ndisaname, ndinaopa. Chibadwire changa ndinali ndisanadutsepo mfundo ya sale, ndipo amayi anandikwapulapo ndili mwana chifukwa chongoloza ndi chala. Koma kuchokera kumunsi kunamveka phokoso limene ndimalidziwa bwino, la nthochi ikugwa.

"Mwendo ukatupa mudzandinyamula," ndinatero, n'kudutsa.

5

Nthaka yogumuka kunalibe. Kanjira kanali kopondeka bwino kuposa kathu kaja. Ndinayenda pang'ono, ndipo mwadzidzidzi kunawala, malo amene kale dzuwa silinkafika pansi.

Zitsa. Kulikonse zitsa. Mitengo ikuluikulu imene inkaphimba kasupe inali itagwetsedwa, ina yochekedwa matabwa. Pamalo pake panali mizere ya matimati, obiriwira, onenepa, omangiriridwa bwino pa timitengo. Kasupe anali atatchingidwa ndi matumba a mchenga, ndipo paipi yakuda inkatenga madzi kupita nawo m'mizere. Timitengo tina tomangira matimatiwo tinali mbande zathu, zimene ndinasenza pamutu panga.

Chakumapeto kunali kanyumba ka matabwa, ndi njira ina yotsikira ku mudzi wa tsidya lina. Pafupi ndi madzi mkazi anawerama akuchapa, mwana ali kumsana.

"Odi!" ndinakuwa, mawu ngati si anga.

Anatembenuka. Sopo anamugwa m'manja.

"Achemwali."

Anali Ndeshi. Ndeshi wa ku Arusha, amene Lamlungu lililonse ankandiimbira foni kundiuza za kudula kwa nyumba m'tauni. Ndeshi amene ndinamubereka kumsana amayi akudwala. Mwana uja anasuzumira paphewa pake, ndipo sindinafunikire kufunsa. Chipumi chimenecho ndimachisambitsa tsiku lililonse pa Haika.

"Ku Arusha ndi kuno?"

"Achemwali, ndikhululukireni, zinangochitika..."

"Zinangochitika? Mvula ndiyo imangochitika! Kanyumbaka kanangomera? Matimatiwa anangogwa kumwamba?"

Analira. Anati mimba itaoneka, alamu ake anati amubise kaye mpaka apeze njira yondiuzira. Anati tsidya linalo anthu amawadziwa ngati banja, ndipo matimati ndiwo amawadyetsa.

"Ukudziwa zimene zikuchitika kumunsiku?" ndinamufunsa. "Pano ndikulankhula akugwetsa nthochi za pamanda a amayi ako, ati bambo ndiwo aumitsa mtsinje. Madzi ake ndi awa ukuchapira matewerawa!"

Anatsegula pakamwa. Zimenezo sankazidziwa, ndinaona m'maso mwake. Koma zimene ananena pambuyo pake ndizo zinandithyola msana.

"Koma bambo akudziwa za ife."

"Wati chiyani?"

"Akudziwa. Alamu anapita kwa iwo ndi tsamba la sale mwana asanabadwe. Anagwada, n'kuulula zonse. Bambo analandira."

Muyenera kumvetsa. Kwathu munthu akakulakwira, ngakhale atakuphera ng'ombe, akabwera ndi tsamba la sale n'kulipereka m'manja mwako, sukana. Ukalandira, mlandu watha. Sudzautchulanso kwa munthu, ngakhale kwa mwana wako. Rumisha anawatseka pakamwa bambo anga ndi tsamba, ndipo atatsimikiza kuti sangalankhule, anawasenzetsa mlandu wake wa madzi pamaso pa mudzi wonse.

Ndinazula paipi ija pamatumba, n'kudula chidutswa ndi mpeni wa Ndeshi. Ndinathyola matimati kudzaza thumba la zinyalala. Sindinamumenye mng'ono wanga. Mpaka lero sindidziwa chimene chinandigwira dzanja.

6

Ndinatsika phiri ndikuthamanga, mayi Mkunde akufuula pambuyo kuti ndiwauze chimene ndaona. Nditafika kwa bambo, mzere woyamba unali utagwa kale. Mikoko ya nthochi zosakhwima inali pansi, ndipo dzuwa linkawomba pamanda a amayi. Bambo anakhala pakhonde, chipewa chili pamaondo. Rumisha anaima pa chulu akulozera anthu pogwetsa.

Ndinakhuthula thumba pamapazi ake. Matimati anagubuduka mpaka m'ngalande youma.

"Wapampando, landirani zokolola za nthaka yogumuka."

Zikwanje zinaima.

"Amayi a Haika, mwatani? Tikambirana kunyumba."

"Kunyumba kwake kuti? Kwa ine, kapena kwa mng'ono wanga ku kasupe?" Ndinakweza paipi ija m'mwamba. "Abale, nthochi imene ikumwa madzi anu ndi iyi! Pitani mukaone nkhalango imene ikupuma. Mukapeza zitsa, mukapeza matimati, mukapezanso Ndeshi ndi mwana wa wapampando wanu. Arusha wasamukira pamwamba pa mathithi!"

Anthu anayang'anana.

"Wadutsa mfundo?" mkulu wina anafunsa. Tamvani funso lake. Pa zonse zimene ndinanena, iye anamvapo chimenecho.

"Ndadutsa, ndipo mwendo ndi uwu!"

Mayi Mkunde anafika akupuma ngati ng'ombe, thewera lili pa ndodo. "Ine sindinadutse," anatero, "koma ichi chinadutsa chokha."

Anyamata ena anayamba kumuyandikira Rumisha, zikwanje zili m'manja. Ndinamuona akuyang'ana uku ndi uku. Kenako nkhope yake inafewa, monga inkachitira akamayamba kulankhula za mitengo. Anatsika pa chulu, n'kupita pamanda a amayi anga. Anathyola tsamba pa sale wa pamandapo, n'kubwera kudzagwada patsogolo panga, manja onse awiri ali m'mwamba.

"Aikande, mkazi wanga, ndalakwa. Landira."

Anyamata aja anabwerera m'mbuyo. Zikwanje zinatsika. Anthu amene mphindi yomweyo ankafuna kumudya wamoyo anayamba kung'ung'udza.

"Landira, Aikande."

"Wagwada, mwana iwe. Landira, nkhani ithe."

Ndinayang'ana kwa bambo. Anali ataimirira, akugwira mzati wa khonde.

"Landira, mwana wanga," anatero.

Ndinayang'ana tsambalo. Linachokera pamutu pa amayi anga. Ndinadziwa kuti likangokhudza chikhato changa, sindidzatchulanso Ndeshi, sindidzatchulanso kasupe, ndipo madzulo omwewo ndikatenthetsa madzi osamba. Ndinaika manja anga kumbuyo, n'kugwira dzanja lina ndi linzake mpaka zikhadabo zinalowa m'mnofu.

"Masamba amenewa uli nawo angati?" ndinamufunsa. "Lina unatsekera njira. Lina unatsekera bambo anga pakamwa. Ili ndi langa? Nanga akumunsi amene khofi wawo wauma, uwathyolera liti?"

"Aikande, anthu akuona."

"Aone! Gwada mpaka mawondo amere mizu. Sindilandira."

Mayi wina anakuwa ngati waona maliro. Rumisha anakhala chogwada, tsamba lili m'manja. Bambo anga analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

7

Masana omwewo gulu linakwera ku kasupe. Pa mfundo paja anthu anaimanso, n'kumayang'anana, mpaka mayi Mkunde anati womanga wake waimasula yekha ndi bodza lake, n'kukankha ndodo ija ndi phazi. Tinachotsa matumba a mchenga, ndipo madzi anatsika. Kumunsi ana anathamanga m'ngalande akukuwa. Nthochi za bambo zimene zinatsala sizinakhudzidwenso, ndipo amene anagwetsa mzere woyamba anabwera okha kudzabzala zina.

Rumisha anachoka ndi Ndeshi ndi mwana wawo. Akuti ali ku Arusha, ulendo uno kwenikweni. Wapampando tsopano ndi mayi Mkunde, ndipo pamsonkhano sipakhalanso zokamba zogwetsa misozi, pamakhala kutukwana ndi ntchito. Ku kasupe tabzalako, koma mitengo imene inagwa ija ine sindidzaionanso itatalika choncho.

Mwina mukuganiza kuti bambo anga anandithokoza. Patapita masiku ndinawaphikira mtori, phala lathu la nthochi ndi nyama limene amalikonda, n'kupita nalo. Ndinawapeza akuthirira nthochi zatsopano pamanda.

"Ndabwera ndi chakudya, bambo."

"Ika pakhondepo."

Ndinaika, n'kudikira. Sanatembenuke.

"Bambo, dzina lanu layera. Palibe amene akukutchaninso mbava ya madzi."

"Dzina langa?" Anaika chidebe pansi. "Kale ankati Eliakunda waumitsa mtsinje. Mtsinje umabwerera. Tsopano akuti Eliakunda anabala mwana amene anakana sale. Zimenezo zidzabwerera liti?"

"Ndiye mukanakonda adule zonse? Amayi agone padzuwa, ine ndizichapira munthu amene wabereka ndi mng'ono wanga?"

"Ndili ndi ana aakazi awiri," anatero. "Wina analakwa. Wolakwa ndimadziwa pomuika. Iwe sindikudziwa pokuika."

Tsiku lotsatira ndinapeza mbale ija pakhonde pomwe ndinaisiya, yovundikira, nyerere zitazungulira.

8

Inu amene mwawerenga mpaka pano, ndikudziwa ena mwa inu mwagwedeza kale mutu. Mukuti mkazi ameneyu akanangolandira, banja ndi kupirira. Mawu amenewo ndawamva kutchalitchi, ndawamva pamsika, ndawamva kwa azakhali amene anakwera basi kudzandiuza zimenezo zokha. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakwera basi kukamufunsa Rumisha kanthu.

Ine mwambo wathu sindidana nawo. Ndinakulira m'malire a sale, ndipo ndikadzafa ndikufuna adzandibzalire pamutu. Ndaonapo tsamba limenelo likuyanjanitsa abale amene anatengerana zikwanje, ndipo ndinalira ndi chimwemwe. Koma makolo analipereka kwa munthu amene mtima wamusweka chifukwa cha zimene wachita. Sanaganize za munthu amene amayamba waona pamene pali tsamba, kenako n'kupita kukalakwa. Munthu wotero m'mudzi mwanu aliponso. Mwina kwanu sathyola tsamba, amabwera ndi akuluakulu a mpingo, kapena ndi misozi, kapena ndi mawu akuti tisachititse banja manyazi. Mukadzamuona atagwada, anthu onse akukuuzani kuti mulandire, mudzayambe mwafunsa kuti akufuna mukhululuke kapena akufuna mukhale chete.

Ndikadali wokwiya, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndimakwiya ndikaona zitsa za ku kasupe. Ndimakwiya Haika akandifunsa kuti mwana wa amayi ake aang'ono ndi ndani wake. Koma chimene chimandiwotcha kwambiri ndi chitseko cha bambo anga. Ndinawapulumutsira munda, ndinawapulumutsira mthunzi wa pamanda a mkazi wawo, ndipo iwo ndinawataya.

Mwezi watha Rumisha anatuma amalume ake. Anafika pakhomo panga ndi kathumba, nati abwera ndi kanthu kakang'ono kochokera kwa mwana wawo Rumisha. Ndinawapatsa mpando, ndinawapatsa tiyi, pakuti ndinaleredwa. Atayamba kumasula kathumbako ndinaimirira. Manja anga akadali kumbuyo.